Tizilombo Todya Utsi: Mpweya Wotayidwa Ukusanduka Mafuta a Galimoto

Aliyense amene wakhalitsa kuno ku Chiponde akudziwa zimene zimachitika mafuta akasowa m'dziko muno. Ku Mangochi boma magalimoto amagona pamzere, mabotolo a petulo amayamba kuoneka m'mbali mwa msewu, ndipo wa kabaza amene dzulo anakutengerani ku Namwera pa mtengo wina, lero akukuuzani wina. Kholo limene limayembekeza kukagulitsa nandolo kapena chimanga kuti lipeze fizi limapeza kuti phindu lathera m'mayendedwe. Chifukwa chake n'chodziwika. Malawi alibe chitsime cha mafuta, ndiye petulo ndi dizilo amachokera kunja, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola amene dziko limavutika kuwapeza.

Koma si dontho lililonse la m'thanki limene limachokera kunja. Kuyambira chaka cha 1982, kampani ya Ethanol Company ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasses, madzi akuda olendalenda amene amatsala popanga shuga. Mu 2004 kampani ya PressCane inayambanso ntchito yomweyo ku Chikwawa. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo, kotero njinga yamoto imene yakubweretsani kusukulu lero yawotcha kachigawo kena ka nzimbe za ku Dwangwa kapena ku Nchalo.

Nkhani imene tikufuna kukambirana nanu, ophunzira ndi makolo, ndi ya njira ina yopangira ethanol yemweyo popanda nzimbe, popanda munda, popanda feteleza. Chimene amapangira ndi utsi wa m'fakitale, ndipo antchito ake ndi mabakiteriya. Ikumveka ngati nthano ya pamoto madzulo, koma ku China ntchito imeneyi yakhala ikuchitika pa malonda kuyambira mu 2018. Tifotokoza momwe imayendera, kenaka tiwerengetsa mosabisa ngati ingatheke kuno kwathu.

Mipweya iwiri ya pa mbaula

Tiyambe ndi chinthu chimene chili m'khitchini ya aliyense. Makala ndi kaboni. Akamayaka pamalo popita mphepo bwino, atomu iliyonse ya kaboni imagwirana ndi maatomu awiri a okosijeni, ndipo mpweya umene umatuluka ndi carbon dioxide, umene pa Chemistry timalemba CO2. Mpweya umenewu wapsa kale mpaka pamapeto. Ndi phulusa la mumlengalenga, titero kunena kwake: sungayakenso, n'chifukwa chake amauika m'zipangizo zozimitsira moto.

Koma okosijeni akachepa, kaboni amangopezako atomu imodzi ya okosijeni. Apo umene umatuluka ndi carbon monoxide, CO. Uwu wapsa theka lokha, ndipo ukadali ndi mphamvu mkati mwake. Mukayang'anitsitsa mbaula usiku mudzaona timalawi tabuluu tikuvina pamwamba pa makala. Ameneyo ndi carbon monoxide akumaliza kupsa.

Pano tiime kaye pang'ono, chifukwa mpweya umenewu umapha. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso. Ukalowa m'mapapo umamatirira ku himogulobini, gawo la magazi lonyamula okosijeni, mwamphamvu kuposa okosijeni weniweniyo maulendo opitirira 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo akagona sadzuka. Miyezi ya June ndi July kuno kumtunda kumazizira, ndipo chiyeso cholowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo chimakhala chachikulu, makamaka kwa ophunzira amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu n'kumawerenga usiku. Makolo, chonde lankhulani nawo ana pa nkhani iyi. Mbaula yoyaka sigona m'chipinda ndi munthu.

Mpweya wakupha womwewu ndi umene mafakitale osungunula zitsulo amatulutsa wochuluka zedi. Chitsulo chikangochoka m'ng'anjo yoyamba chimakhala ndi kaboni wambiri, ndiye amachipopera okosijeni kuti kaboniyo achoke. Amachoka ngati carbon monoxide, ndipo mu utsi wa ng'anjo zimenezi mpweyawu umaposa theka. Sangautulutse chomwecho chifukwa ndi poizoni. Mafakitale ena amauwotcha kuti apange magetsi kapena kutentha, ena amangouyatsa pamwamba pa chumuni n'kumayaka usana ndi usiku. Njira zonse ziwirizi zimathera pamodzi: kaboni yense amasanduka carbon dioxide n'kukwera kumwamba, kumene amathandizira kutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo.

Za m'ndowe za kalulu

Mu 1994 akatswiri a pa yunivesite ya Louvain ku Belgium analengeza kuti apeza bakiteriya wa mtundu watsopano. Anamupeza m'ndowe za kalulu. Ife amene tinakula tikumva nthano za kuchenjera kwa Kalulu tikhoza kumwetulira pamenepa, koma ndi mmene zinachitikiradi. Anamutcha dzina lalitali, Clostridium autoethanogenum, ndipo chodabwitsa chake chinali chakuti amatha kukhala ndi moyo ndi kuswana akungodya carbon monoxide, kenaka n'kumatulutsa ethanol ndi asidi wa mu viniga ngati zotayidwa za m'thupi mwake. Chimene kwa ife ndi imfa, kwa iye ndi nsima.

Si yekha wa mtundu wotere. Pali banja lonse la mabakiteriya okhala kumalo kopanda okosijeni: m'matope a pansi pa nyanja ndi m'madambo, m'chifu cha ng'ombe, ngakhale m'matumbo a chiswe. Chiswe chimene chikudya mitengo ya denga la kalasi yathu chili ndi tizilombo m'mimba timene timaphwanya mtengowo n'kutulutsa haidrojeni ndi carbon dioxide. Pompo pali mabakiteriya ena amene amatenga mipweya iwiriyo n'kuisandutsa asidi wa viniga, ndipo chiswecho chimagwiritsa ntchito asidiyo ngati chakudya. Chulu chilichonse chimene mumadutsa panjira yobwera kusukulu ndi fakitale yaing'ono ya ntchito yomwe tikufotokozayi.

Njira imene mabakiteriyawa amamangira kaboni m'thupi mwawo inafufuzidwa kwa zaka zambiri ndi Harland Wood wa ku America ndi Lars Ljungdahl wochokera ku Sweden, ndipo imadziwika ndi maina awo. Mwachidule, bakiteriya amatenga maatomu a kaboni awiri, kamodzi kamodzi kuchokera mu mpweya, n'kuwalumikiza kukhala kachidutswa ka makaboni awiri. Kuchokera ku kachidutswa kameneko amamanga thupi lake lonse, ndipo zotsala amazitaya ngati asidi kapena ethanol. Mbewu zobiriwira nazonso zimatenga kaboni mu mpweya, monga munaphunzirira pa Biology, koma izo zimadalira kuwala kwa dzuwa. Mabakiteriya awa safuna dzuwa. Mphamvu amaitenga mu mpweya womwewo, mu carbon monoxide kapena mu haidrojeni.

A Fomu 3 ndi Fomu 4, tengani cholembera muone ngati maatomu akukwanira mbali zonse:

6CO + 3H2O → C2H5OH + 4CO2

Onani bwino zimene mzerewu ukunena. Pa makaboni 6 amene alowa, 2 okha ndi amene athera mu ethanol. Ena 4 atuluka ngati carbon dioxide, chifukwa bakiteriya wawagwiritsa ntchito ngati nkhuni zopezera mphamvu. Koma mu utsiwo mukakhala haidrojeni wokwanira, nkhani imasintha:

2CO + 4H2 → C2H5OH + H2O

Apa kaboni yense walowa mu ethanol. Ndipo haidrojeni akachuluka kwambiri, ngakhale carbon dioxide, uja tinamutcha phulusa, amatha kudyedwa:

2CO2 + 6H2 → C2H5OH + 3H2O

Mzere wachitatuwu musauiwale. Tibwererako tikafika pa za Malawi.

M'kati mwa fakitale

Kudziwa kuti bakiteriya amadya utsi m'botolo la mu labotale ndi chinthu china, kumudyetsa utsi wa fakitale yonse ndi chinthu chinanso. Amene anaikapo mtima pa ntchito imeneyi ndi kampani ya LanzaTech, imene Sean Simpson ndi Richard Forster anayambitsa ku New Zealand mu 2005, ndipo pambuyo pake inasamukira ku America. Zinawatengera zaka 13 kuti afike pa fakitale yoyamba ya malonda.

Utsi ukachoka m'ng'anjo ya zitsulo amayamba auziziritsa, kuuchotsa fumbi, ndi kuchotsamo okosijeni yense, pakuti okosijeni ndi poizoni kwa mabakiteriyawa. Kenaka amaupanikiza n'kuupopera pansi pa matanki ataliatali odzaza madzi, mchere wa mitundu ingapo, mavitamini ndi mabakiteriya osawerengeka. Mpweyawo umakwera ngati thovu, mabakiteriya amaudya uli panjira, ndipo madziwo pang'onopang'ono amadzala ethanol. Madzi ena amatuluka nthawi zonse kupita kowatcheza, kumene ethanol amawira msanga kuposa madzi n'kupatulidwa, ndipo madzi otsalawo amabwerera m'thanki. Ntchito siima. Imayenda usana ndi usiku kwa miyezi.

Vuto lalikulu limene mainjiniya analimbana nalo likhoza kukudabwitsani chifukwa ndi losavuta kumva. Bakiteriya alibe pakamwa. Amangodya chimene chasungunuka m'madzi omuzungulira. Carbon dioxide amasungunuka bwino, n'chifukwa chake botolo la Fanta limasunga mpweya wambiri chonchija. Koma carbon monoxide ndi haidrojeni salowa m'madzi mosavuta. Thovu likakhala lalikulu limangothamangira pamwamba n'kutuluka osadyedwa. Luso lonse lagona pa kupanga timathovu ting'onoting'ono ndi kutizunguza m'thanki nthawi yaitali, popanda kuwononga magetsi ambiri pozunguzapo. Apa ndiye pamene Physics ndi Biology zimakumana, ndipo amene amati maphunziro awiriwa ndi osagwirizana aganizirenso.

Ambiri a ife tili ndi abale ku South Africa, ndipo ena anamvapo za Sasol ndi tauni ya Secunda, kumene amapanga petulo ndi dizilo kuchokera ku malasha. Nawonso amayamba asandutsa malashawo kukhala carbon monoxide ndi haidrojeni. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sagwiritsa ntchito zamoyo. Amatsata njira imene Franz Fischer ndi Hans Tropsch anatulukira ku Germany m'zaka za m'ma 1920, yodutsitsa mpweyawo pa zitsulo zapadera pa kutentha kopitirira madigiri 200. Njira imeneyo imafuna mpweya woyera kwambiri, chifukwa sulufule wochepa chabe amaononga zitsulozo, komanso imafuna muyeso woyenera wa mipweya iwiriyo. Mabakiteriya amagwira ntchito pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Amapirira zonyansa zina za mu utsi, sadandaula muyeso ukasinthasintha, ndipo ena akafa otsalawo amaswana. Kuipa kwawo n'kwakuti ndi ochedwa poyerekeza ndi njira ya moto, komanso ethanol amatuluka wosakanikirana ndi madzi ambiri, ndiye kumupatula kumadya mphamvu.

Fakitale yoyamba inayamba ntchito mu May 2018 ku Caofeidian, m'chigawo cha Hebei ku China, pambali pa fakitale ya zitsulo ya kampani ya Shougang. Inamangidwa kuti izipanga matani 46,000 a ethanol pa chaka, amene ndi malita pafupifupi 58 miliyoni. Mu October chaka chomwecho ndege ya Virgin Atlantic inauluka kuchokera ku Orlando kupita ku London itamwa mafuta osakanizidwa ndi ena opangidwa kuchokera ku ethanol wa utsi. Mu 2023 fakitale ina inayamba kutulutsa ethanol ku Ghent ku Belgium, pa malo osungunulira zitsulo a ArcelorMittal, ndipo iyo inamangidwa kuti izifika malita 80 miliyoni pa chaka. Ku India nako, kampani ya IndianOil inamanga yake ku Panipat, yogwiritsa ntchito mpweya wotsala poyenga mafuta.

Ethanol si wa m'galimoto mokha. Akamuchotsa madzi amasanduka ethylene, amene amapangira pulasitiki ndi ulusi wa zovala. Mu 2021 kampani ya Unilever inagulitsa ku China sopo wochapira wa Omo amene gawo lake lina linachokera ku utsi wa zitsulo. Ndipo mu 2022 akatswiri a LanzaTech, a pa yunivesite ya Northwestern ndi a ku Oak Ridge ku America anaonetsa kuti atasintha majini a bakiteriya uja, anayamba kutulutsa acetone ndi isopropanol, mankhwala amene mafakitale a penti ndi zipatala amagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo mpaka lero ambiri amachokera ku mafuta a pansi.

Chinanso chimene chinatikopa ife a m'boma la nsomba ndi ichi. Mabakiteriya amaswana mosalekeza, ndiye ochuluka amayenera kuchotsedwa m'thanki. Akawaumitsa amasanduka ufa umene pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi mapuloteni, ndipo mu 2021 boma la China linavomereza ufa umenewu ngati chakudya cha ziweto. Amadyetsera nsomba za m'maiwe. Aliyense amene anayesapo kuweta chambo padziwe akudziwa kuti ndalama zimathera pa chakudya.

Kodi umenewu si mowa?

Tikudziwa kuti makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti afika kale pa funso ili, ndipo ndi funso loyenera. Sitibisa: ethanol ndi chinthu chomwecho chimene chimaledzeretsa mu mowa. Dzina la Chingelezi lakuti alcohol linachokera ku liwu la Chiarabu lakuti al-kuhl, limene poyamba linkatanthauza ufa wosalala wopaka m'maso, ndipo patapita zaka zambiri azungu analigwiritsa ntchito pa chinthu chilichonse choyengedwa mpaka kutsala chenicheni chake.

Ethanol wa mafuta sapangidwira kumwa. Amasakanizidwa ndi petulo kapena ndi mankhwala ena owawa ndi apoizoni kuti munthu asayerekeze n'komwe. Mtundu womwewo uli mu spiriti amene anamwino amapukutira pakhungu asanabaye jekeseni, ndiponso mu sanitaiza amene tonse tinkapaka m'manja nthawi ya Covid. Chigamulo cha chipembedzo pa kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zimenezi ndi cha masheikh athu, ndipo wophunzira amene ali ndi nkhawa awafunse iwo. Mbali yathu ndi kufotokoza chimene chinthucho chili, kuti ofunsa ndi oyankha akambirane akudziwa zenizeni.

Nanga kuno kwathu?

Tsopano tibwerere kunyumba. Funso loyamba si lakuti mabakiteriya tingawapeze kuti. Funso ndi lakuti tili ndi utsi wanji.

Malawi alibe fakitale yaikulu yosungunula miyala ya chitsulo ngati ya ku Caofeidian kapena ya ku Ghent. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimangodutsa pa Nkaya ndi Nayuchi kupita ku Nacala, ndipo utsi wa malashawo umakatulukira m'mayiko ena. Tili ndi mafakitale a simenti, monga ya ku Njereza m'boma lathu lino, koma miyala ya laimu ikawotchedwa imatulutsa carbon dioxide, uja wopsa kale. Ku Dwangwa ndi ku Chikwawa nakonso, yisiti akamadya shuga wa mu molasses amatulutsa carbon dioxide wolemera pafupifupi chimodzimodzi ndi ethanol amene wapangidwa: pa magalamu 180 a shuga pamatuluka magalamu 92 a ethanol ndi magalamu 88 a mpweya. Ndi mpweya womwe uja umene umatupitsa mandasi. Ndi woyera bwino, uli pamalo amodzi, ndipo munthu angaganize kuti mwayi ndi womwewu.

Apa ndiye pamene mzere wachitatu uja ukubwera. Kuti carbon dioxide asanduke ethanol pamafunika haidrojeni, ndipo haidrojeni satoledwa pansi. Amapangidwa pogawa madzi ndi magetsi. Tiyeni tiwerengetse limodzi. Mzerewu ukuti magalamu 12 a haidrojeni amapereka magalamu 46 a ethanol. Lita imodzi ya ethanol imalemera magalamu pafupifupi 790, choncho imafuna haidrojeni wopitirira pang'ono magalamu 200. Makina a masiku ano amadya mayunitsi a magetsi oposa 50 kuti apange kilogalamu imodzi ya haidrojeni. Ndiye kuti lita imodzi ya ethanol ikufuna mayunitsi oposa 10, tisanawerengere oyendetsera mapampu ndi otchezera. Koma mphamvu imene ili mu lita imodzi ya ethanol ndi yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 6 okha.

Mwalowetsa 10, mwatulutsa 6. Izi sizikutanthauza kuti akatswiri analakwitsa masamu. Ndi lamulo lomwe lija la pa Physics lakuti mphamvu silengedwa, imangosinthidwa, ndipo posintha pamakhala yotayika. Malonda otere amamveka m'dziko limene magetsi a dzuwa kapena a mphepo amachita kutsala masana, n'kumasowa kowapititsa. Kwathu kuno sitinafike pamenepo. Mabanja ambiri alibe magetsi n'komwe. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Minda ya magetsi a dzuwa ya ku Salima, ya mamegawati 60, ndi ya ku Golomoti, ya mamegawati 20, ndi chiyambi chabwino, koma magetsi akewo akufunika kale kuchigayo, kuchipatala ndi m'makalasi. Maganizo athu ndi akuti kutenga yunitsi ya magetsi ku Malawi lero n'kuisandutsa ethanol kungakhale kugulitsa mbuzi kuti ugule nkhuku.

Carbon monoxide wochuluka wa m'dziko muno sali m'fakitale ayi. Ali m'mauvuni a makala. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo amene amayenda msewu wa M3 kutsikira ku Mangochi amaona okha mmene mapiri akuyerera. Uvuni wa makala ndi moto wosowa okosijeni mwadala: mitengo imakwiriridwa ndi dothi kuti isapse yonse. Pa makilogalamu 100 a mitengo, uvuni wa dothi nthawi zambiri supereka makala ofika makilogalamu 20. Zina zonse zimapita ngati nthunzi, phula, carbon dioxide, carbon monoxide ndi methane. Gawo lalikulu la mphamvu ya mtengo limathera mu utsi umene umaoneka m'mbali mwa nkhalango ya Namizimu m'mamawa. Koma utsi umenewu wamwazikana m'mauvuni ambirimbiri obisika m'tchire, lero apa mawa apo, ndipo palibe paipi imene ingausonkhanitse. Ngakhale ikanakhalapo, sibwenzi tikufuna njira yopatsa anthu chifukwa china chodulira mitengo.

Chimene chingayandikire ndi zotsala za m'munda ndi zinyalala: zitsononkho, mapesi, mankhusu a mpunga, makoko a mtedza, utuchi. Zinthu zimenezi zikatenthedwa kwambiri m'ng'anjo yotsekedwa, mwa okosijeni wochepa, zimasanduka carbon monoxide ndi haidrojeni, chakudya chenicheni cha mabakiteriya aja. Ku Japan kampani ya Sekisui inamaliza mu 2022 fakitale yoyesera mumzinda wa Kuji, yosandutsa zinyalala za m'makomo kukhala ethanol mwa njira imeneyi. Vuto lake ndi mayendedwe. Mapesi ndi opepuka koma odzaza malo, ndipo kuwatuta kuchokera m'midzi ndi lole kumawotcha dizilo yemwe tikufuna kupulumutsayo. Komanso nthaka yathu imawafuna mapesiwo. Alangizi a zaulimi akhala akutiuza kuti tiziwaphimbira m'munda m'malo mowatentha.

Tinenenso zoona pa mbali ya ndalama. Mafakitale amenewa amadya madola mamiliyoni ambiri pomanga, ndipo LanzaTech yeniyeniyo yakhala ikulengeza kuti ikuwononga ndalama zambiri kuposa zimene ikupeza. Luso likugwira ntchito, koma malonda ake akadali olimba. Ndiponso ethanol wa utsi akawotchedwa mu injini, kaboni wake amakwerabe kumwamba. Phindu lake n'lakuti kaboni yemweyo wagwira ntchito kawiri, ndipo petulo wina amene akanakumbidwa pansi watsala komweko. Ndi phindu lenileni, koma si mankhwala othetsa kusintha kwa nyengo.

Chimene chili pafupi ndi dzanja

Pali msuweni wa luso limeneli amene ali kale m'dziko muno, ndiye bayogasi. Ndowe, zotsala za chakudya kapena zimbudzi zikaikidwa m'thanki yotsekedwa bwino, magulu a tizilombo amapatsirana ntchito. Oyamba amaphwanya zinyalalazo, otsatira amazisandutsa asidi, haidrojeni ndi carbon dioxide, ndipo omaliza amapanga methane. Ena mwa omalizawa amachita ndendende zimene takhala tikukamba, kutenga mpweya wotayidwa n'kuusandutsa mafuta:

CO2 + 4H2 → CH4 + 2H2O

Akatswiri amati omalizawa si mabakiteriya enieni koma ndi a gulu lina lotchedwa archaea, ngakhale pa maikulosikopu amaoneka ofanana. Mpweya wotuluka m'thankimo umakhala ndi methane magawo 50 mpaka 70 pa 100, ndipo umayaka ndi lawi labuluu lopanda utsi. Zotsala zake ndi manyowa abwino. Kundende ya ku Mulanje bungwe la United Purpose linamanga thanki yotere, ndipo chakudya cha akaidi chinayamba kuphikidwa ndi mpweya wochokera ku zimbudzi zawo, zimene zinachepetsa nkhuni zogula. Pa msika wa Tsangano ku Ntcheu, akatswiri a yunivesite ya MUST anamanganso ina yogwiritsa ntchito masamba owola a pamsika.

Sukulu yophikira ana ambiri, kapena mudzi umene uli ndi khola la ng'ombe, ndi malo amene thanki yotere imakwanira. Tikudziwa kuti nkhani ya zimbudzi pafupi ndi mphika ikhudza za ukhondo wa chipembedzo, ndipo nayonso ndi yoti akuluakulu akhalirane pansi. Thanki yodya ndowe za ng'ombe ndi zotsala za kukhitchini zokha imagwira ntchito chimodzimodzi. Chimene chimapha matanki ambiri si kusowa kwa tizilombo koma kusowa kwa munthu wowadyetsa tsiku lililonse, madzi akachepa m'chilimwe, ndi sopo kapena mankhwala ophera majeremusi akathiridwamo mwangozi.

Ophunzira amene akufuna kuona ndi maso awo atha kuyesa izi pamodzi ndi aphunzitsi a sayansi. Tengani botolo la pulasitiki la malita 5, muthiremo ndowe zaziwisi za ng'ombe zosakaniza ndi madzi muyeso wofanana mpaka lidzaze magawo atatu pa anayi, mumange baluni pakamwa pake mothina kuti mpweya wa kunja usalowe, ndipo muliike pamalo ofunda koma osawomba dzuwa mwachindunji. Masiku oyambirira baluni idzafufuma ndi mpweya umene wambiri ndi carbon dioxide. Muudutsitse m'madzi a laimu muone ngati achite mbuu. Muutaye, mumangenso baluniyo, mudikire masabata awiri kapena anayi kuti opanga methane achuluke. Nyengo yozizira zimachedwa, ndipo lembani m'kope kutentha kwa tsiku lililonse ndi kukula kwa baluni kuti mudzayerekeze. Kuyesa ngati mpweyawo ukuyaka kuchitikire panja, ndipo ayese ndi aphunzitsi, osati inu panokha.